Kuyeza munda ndi GPS ya pafoni

Achimwene, mwafunsa ngati mungayeze munda wanu ndi GPS ya pafoni, njira yomwe foni imadziwira pamalo pomwe muli. Foni ikuthandizani kudziwa kukula kwa mundawo, koma musaidalire pa malire omwe mukukanganirana ndi oyandikana nawowo.

GPS ya pafoni imaphonya ndi mamita pafupifupi 5 ngakhale muli pamtetete. Pansi pa mitengo ya mango kapena m'tsinde mwa phiri ndiye imasokonekeratu, chifukwa foni imafunika kulandira uthenga wa masetilaiti osachepera 4, omwe ali makilomita pafupifupi 20,000 m'mwambamu. Ine ndimazungulira nayo munda wa chimanga pofuna kudziwa matumba a feteleza oti ndigule, ndipo ndikabwereza manambala amasiyanako. Pa feteleza si vuto. Koma pa malire, mamita 5 ndi mizere 6 ya chimanga, pomwe anthu amafika posalankhulana chifukwa cha mzere umodzi wokha.

Za bandulo musadandaule, GPS imagwira popanda intaneti. Chimene chimadya data ndi mapu. Poyeza, muziima kaye pang'ono pangodya iliyonse ya munda kuti manambala akhazikike.

Mkanganowo yambani nawo kwa amfumu. Ngati mukufuna chikalata cha malo, itanani katswiri woyeza malo wovomerezeka ndi boma. Zipangizo zawo zimaphonya ndi masentimita ochepa chabe.