Theka la wonga? Ayi achimwene, tiyeni tikambirane kaye

Mbale wina wa ku Luwinga kuno ku Mzuzu, amene pano ali pa ntchito pa famu ya nyama zakutchire ku Limpopo, ku South Africa, wandilembera imelo. Abwana ake amamulola kudzaza zipolopolo za mfuti ya .303 British pa benchi yawo, wayamba kuumba mitu ya mtovu (mutu ndi gawo la chipolopolo limene limatuluka mu mfuti), ndipo akufuna zipolopolo zofatsa zophunzirira kulasa. Pa shelefu pali chitini cha wonga wa S365. Akufunsa ngati angangothira theka la mlingo wa m'buku la opanga wonga.

Musatero achimwene. Ndipo mundipirire ndilalateko kaye, chifukwa mawu oti "kungothira" amandiwawa mumtima.

Malume anga, achimwene awo a mayi, ankalima chimanga kumtunda kwa Rumphi, chakufupi ndi Vwaza. Kumeneko nguluwe ndi anyani sasewera, munda ukhoza kutha usiku umodzi. Malume anali ndi gogodela, monga amuna ambiri a nthawi imeneyo, ndipo wonga wakuda ankauyeza pachikhatho, ndi maso. Zaka zinapita osaona vuto, chifukwa wonga wakuda ndi wa chifundo, umapsa ndi mphamvu yochepa ndipo umayezedwa ndi kuchuluka kwa malo amene watenga. Tsiku lina mnzawo anawapatsa zipolopolo zakale za shotigani zoti sizikugwiranso ntchito. Malume anazing'amba, nakhuthula wonga wa mkatimo, nauyeza pachikhatho chomwecho, mlingo womwewo. Umenewo unali wonga wopanda utsi, wa nitrocellulose, umene mphamvu yake ndi ina kotheratu. Mpope unang'ambika chakumbuyo. Anapulumuka, koma zala ziwiri za kumanzere zinatsala m'mundamo. Kumudzi anthu anati alodzedwa ndi mnansi amene ankalimbana nawo malire a dimba, ndipo mabanja awiriwo sanapatsanenso moni mpaka malume kumwalira. Ine ndinali mwana, nanenso ndinakhulupirira za ufiti. Ndinadzamvetsa nditakula, ndili pa ntchito ku South Africa, pamene mzungu wokalamba amene ndinkamugwirira ntchito anandikhazika pa sikelo nandiuza kuti ndiyeze grain imodzi. Grain imodzi ndi pafupifupi magalamu 0.065. Mu paundi imodzi muli ma grain 7,000. Tinthu tosaoneka bwino ndi maso, koma ndi timene timasiyanitsa chipolopolo chabwino ndi mfuti yophulika m'manja.

Ndinene mosabisa: chizolowezi chathu cha "bola pafupifupi" chili ndi malo ake, koma pa benchi yodzazira zipolopolo chilibe malo. Munthu amene sakonda kuwerenga, amene amatopa ndi kuyeza kawiri, asiye ntchito imeneyi, azingogula zipolopolo za m'sitolo. Sindikunyoza. Ena si ntchito yawo basi.

Tsono S365 yanuyo. Ndi wonga wopsa pang'onopang'ono, wa gulu limodzi ndi wonga wina wotchedwa IMR 4350. Anaupangira makoko akuluakulu (khoko ndi gawo la chipolopolo mmene mumalowa wonga) ndi mitu yolemera ya mkuwa, ndipo kuti upse bwino umafuna khoko lodzaza ndi pulesha yokwera. Zili ngati mbaula: makala odzaza amakolera bwino, koma mukaika atatu okha amangofuka n'kuzima. Mutu wa mtovu ndi wofewa, umatsetsereka mu mpope mosavuta, choncho pulesha sikwera, ndiye inu mwachotsanso theka la wonga. Zotsatira zake, chipolopolo chimachedwa kulira mutakoka kale, kapena mutu umakanirira pakati pa mpope ndipo chotsatiracho chimaupeza pomwepo. Palinso mfuti zimene zinaphulika ndi milingo yochepa ya wonga wochedwa wotere, n'chifukwa chake opanga wonga amaletsa kutsika pansi pa mlingo woyambira umene analemba.

Pamene ndatchula za mtovu, ndipatukeko. Kuno kwathu anthu amasungunula mtovu wa m'mabatire akale a galimoto, ndawaonapo anyamata akupanga zolemetsera maukonde a ku Nkhata Bay atazungulira chitini, utsi uli m'maso. Mtovu wa m'batire uli ndi zosakaniza zina zimene zinyalala zake zikanyowa zimatulutsa mpweya wa poizoni. Musaugwiritse ntchito. Sungunulirani panja, musadyere pomwepo, sambani m'manja, ndipo dontho la madzi lisagwere mu mphika wa mtovu wotentha chifukwa umathovoka n'kukumwazikirani kumaso. Ndi mvula yowaza ya kuno ku Mzuzu ine sindingayerekeze n'komwe kusungunulira pabwalo m'mwezi wa June.

Komanso mfuti za .303 zambiri ndi Lee-Enfield za nthawi ya nkhondo, ndipo mipope yake siyofanana. Pa pepala amati m'kati mwa mpope ndi .311 kapena .312 ya inchi, koma ina imafika .314 ngakhale kupitirira. Mutu wa mtovu ukachepa, mpweya wotentha umadutsa m'mbali n'kupaka mtovu mu mpope, ndiye munthu amayamba kuda wonga pamene vuto ndi kukula kwa mutu. Yezani mpope wanu pokankhamo kachidutswa ka mtovu wofewa, mutu ukule kuposa pamenepo ndi .001 kapena .002 ya inchi.

Nanga wonga woyenera ndi uti?

Zimatengera liwiro limene mukufuna. Mutu wopanda gas check, ka mkuwa ka kumatako kaja, umayenda bwino mpaka cha m'ma fiti 1,400 pa sekondi. Wokhala nako umafika cha m'ma 2,000.

Pa liwiro lotsika anthu amagwiritsa wonga wopsa msanga wa mapisitolo ndi mashotigani, monga Unique kapena Red Dot. Umapsa bwino ngakhale uli wochepa, koma ngozi yake ili poyera: umangokhala pansi pa khoko, moti mutathira kawiri simungazindikire. Ikani makoko onse mu thireyi, muwalitse tochi, muone limodzi ndi limodzi musanaike mitu. Trail Boss anaupanga wotupa kuti udzaze khoko n'kuchepetsa vuto limeneli, koma suyenera kupanikizidwa ndi mutu, ndipo masiku ano kuupeza ndi mwayi.

Pakatikati ndi pamene ine ndimakonda: Accurate 5744, IMR 4227, Alliant 2400. Mwa wonga wa Somchem, amene amapanganso S365 yanuyo, S265 ndi umene uli chakumeneku. 5744 ndimaulemekeza chifukwa susamala kwambiri kuti wagonera mbali iti m'khoko, zimene zimavutitsa wonga wina ukakhala wochepa. Ndiye pali H4895, umene eni ake a Hodgdon analemba okha kuti ukhoza kutsitsidwa mpaka 60 peresenti ya mlingo wapamwamba, pokhapokha ngati H4895 ali m'ndandanda wawo wa chipolopolo ndi mutu umenewo. Lamulo limeneli ndi la H4895 yekha, musalisamutsire ku wonga wina chifukwa choti manambala akufanana. Za kuika thonje kapena zina zodzazira malo otsala m'khoko, zisiyeni. Ma grain enieni sindikupatsani pano, muwatenge m'buku la opanga wonga umene mwagula, muyambire pa mlingo wotsika wolembedwamo.

Kumene muliko lamulo la mfuti la chaka cha 2000 limalola mwini chiphaso kudzidzazira zipolopolo za mfuti yake, ndipo mwini chiphasoyo ndi abwana anu, choncho zonse zizichitika iwo ali pomwepo. Pobwera kumudzi pa Khrisimasi musanyamule wonga, ma primer (tizipewa toyatsira wonga) kapena zipolopolo m'chikwama pa basi ya Johannesburg. Mudzagona m'chitokosi pa Beitbridge kapena pa Dedza musanaione n'komwe Mzuzu. Ngati mukuganiza zodzapitiriza ntchitoyi kuno, yambirani ku polisi ku ofesi ya ziphaso za mfuti, mukafunse ngati n'zololedwa.