Mnyamata wanga alowe ntchito ya malasha?

Bambo wina wa kwathu kuno, yemwe amayendetsa lole ya malasha ku eMalahleni m'dziko la South Africa, walemba kuti: "Mnyamata wanga akulemba Matric (mayeso omaliza a sekondale) chaka chino. Ndimafuna alowe kumgodi, koma tikumva zoti boma likuthetsa malasha. Ndimuuze chiyani?"

Bambo, zimene mukumvazo si mphekesera. Kuyambira mu 2019 boma la kumeneko limadula msonkho makampani otulutsa utsi wa kaboni, ndipo unayambira pa R120 pa tani. Mu Okutobala 2022 Eskom, kampani ya boma ya magetsi, inazimitsa siteshoni yopanga magetsi ndi malasha ya Komati, m'chigawo chanu chomwecho cha Mpumalanga, kuti pamalopo padzakhale magetsi a dzuwa ndi mabatire. Siteshoni ikazima, amalira si ogwira ntchito m'katimo okha. Mayi wogulitsa nsima pageti, wa lendi, wa lole ngati inuyo, onse amakhudzidwa.

Komatu malasha sakutha mawa. Magetsi ambiri a dzikolo akuchokerabe ku malasha. Kuzima kwa magetsi kutafika povuta, boma linalola kuti masiteshoni akale a malasha a Camden, Grootvlei ndi Hendrina apitirire mpaka 2030, ndipo a Medupi ndi Kusile ndi atsopano. Inuyo mutha kupuma ntchito lole ikadali pamsewu. Nkhani ili pa mwanayu, amene adzafunike malipiro kwa zaka 40.

Ine ndikanakhala inu, sindikanamukaniza kumgodi, koma ndikanati asalowe chimanjamanja. Ayambe wapita ku koleji ya ntchito zamanja (TVET) akaphunzire zamagetsi kapena kuwotcherera zitsulo, mpaka akhoze trade test. Wodziwa mawaya amadya kumgodi lero, mawa n'kukadya ku sola. Woyendetsa makina okumba malasha okha, mgodi ukatseka amayambiranso pansi. Masamu ndi sayansi azigwire zolimba miyezi yatsalayi, ndipo mapepala ake okhalira m'dzikomo muwalongosole msanga, poti koleji idzawafuna.

Musatengeke kwambiri ndi mawu oti ntchito za sola ndi mbwee. Famu ya sola imalemba anthu ambiri pomanga, koma ikatha pamatsala ochepa, otsuka mapanelo ndi amisiri owerengeka. Ntchito yokhalitsa ili poika ndi kukonza sola m'nyumba, m'masitolo ndi pa mapampu a mthirira.

Luso limeneli akhoza kubwera nalo kumudzi. Ku Salima kuli famu ya sola ya mamegawati 60 yomwe inatsegulidwa mu 2021, ndipo akafuna kudzilemba yekha ntchito, adzafunika chiphaso cha MERA, bungwe loyang'anira za magetsi ku Malawi.