Wailesi ya agogo ikungolira huuu, nditani?

Funso: Amisiri, ndili ndi wailesi yakale ya mavalavu (timababu tagalasi tamkati mwake) yomwe agogo anga anagula adakali pantchito ku esiteti ya tiyi kuno ku Thyolo. Yakhala m'bokosi zaka zambiri. Dzana ndinaiyatsa, mavalavu anayaka bwinobwino koma ikungolira huuu olo nditsitse voliyumu mpaka pansi, kenako kunayamba kumveka kafungo kopserera ndiye ndinazimitsa. Ndingoitaya?
Wowerenga, Luchenza

Yankho: Ayi achimwene musataye, koma chonde musaiyatsenso kaye. Kulira kosasintha ndi voliyumu kawirikawiri kumachokera ku makapasita akuluakulu a mbali ya magetsi, kachitini kaja ka aluminiyamu kolembedwa 32µF kapena 50µF. Ntchito yake ndi kusalaza magetsi akatuluka mu rectifier, valavu yosandutsa magetsi a pakhoma (AC) kukhala a DC ngati EZ80, ndiye akakhala zaka osagwira ntchito amaonongeka mkati nkumakoka magetsi ambiri, thiransifoma nkumatentha. Kafungo kajatu ndi kamene kandidetsa nkhawa, poti kapasita mupeza ku Limbe kapena ku Blantyre koma thiransifoma ikapsa kupeza inzake ndi chintchito, mpaka mukapepese anthu okulunga mamota.

Musanalowetse dzanja dziwani kuti mkatimo mumakhala 250V mpaka 350V ndipo makapasita amasunga magetsiwo olo mutazula pulagi. Atsitseni ndi resistor, kachipangizo kolola magetsi kudutsa pang'onopang'ono, osati kugunditsa sikuludiraiva, kenako muyeze ndi mita. Mukaona kuti ilibe thiransifoma yaikulu ndipo mavalavu ake akuyamba ndi U, monga UY41, chitsulo chake chonse chitha kukhala ndi 230V ya pakhoma, imeneyo ipite kwa mmisiri basi.

Makapasita atsopano akhale a µF yofanana kapena yoyandikira, a 450V, ndipo musasokoneze + ndi -. Ena amaika aakulu kwambiri eti kuti kulira kutheretu, amangopha rectifier. Sinthaninso kakapasita ka pepala ndi phula kopita ku valavu ya sipika monga EL84, kakamadontha magetsi valavuyo imatentha mopitirira. Ndi chinyontho cha chiperoni chakwanuko, iyambe yakhala pouma masiku angapo, ndipo onani kuti chosankhira volteji kumbuyo chili pa 230 kapena 240.

Poyatsa koyamba magetsi adutse kaye mu babu la 60W lija lakale la kawaya mkati, osati la LED. Likawala nkuzilala zili bwino. Likangowala osazilala zimitsani msanga, penapake pali shoti.