Akuchedweranji kuwayambitsa mankhwala?

Mayi wina wa ku Leeds, ku England, wandilembera imelo. Bambo awo awapeza ndi khansa ya m'mapapo, kanyama kokayeza anawachotsa kale, koma madokotala akuti mankhwala adikire kaye zotsatira zina. Akufunsa ngati uku si kuseweretsa moyo wa munthu.

Mayi, funso lanu landikumbutsa malemu malume anga. Iwo sanawadikiritse ayi. Anamwa mankhwala a TB miyezi 6 yathunthu. M'makhololo simunapezeke kanthu, koma ekisileyi inaonetsa chimthunzi, ndiye kwathu kuno munthu akamakhosomola, kuonda ndi kutuluka thukuta usiku, nkhani yatha, ndi chifuwa chachikulu basi. M'mawa uliwonse ankameza mapiritsi aja, mkodzo n'kufiira monga anawachenjezera, koma lamba ankangomuboola mabowo atsopano ndi msomali. Pomadzadziwika kuti ndi khansa, inali italowa kale m'mafupa. Kuti inali yamtundu wanji, palibe anatiuza.

Ine ndimakana zoti kufulumira ndiye chisamaliro. Kungonena kuti "khansa ya m'mapapo" kuli ngati kufika pamsika n'kuti mukufuna nsomba, osatchula kuti chambo kapena usipa. Pafupifupi odwala 15 mwa 100 alionse amakhala ndi ya mtundu wotchedwa small cell, yomwe imayenda mwaliwiro. Otsalawo, ambiri ndi adenocarcinoma kapena squamous. Kanyamako kakachepa, maikulosikopu payokha siithandiza kwenikweni, ndiye amakapaka mankhwala oonetsa mapuloteni: TTF-1 ndi napsin A zikaoneka amati adenocarcinoma, p40 amati squamous, synaptophysin ndi chromogranin zimaloza ku small cell. Si zongokongoletsa lipoti izi. Mankhwala a khansa otchedwa pemetrexed sagwira bwino pa squamous, ndipo ena otchedwa bevacizumab akhoza kumutulutsa magazi oopsa wodwala wa squamous.

Zimandiwawanso anthu akamafunsa kuti "ankasuta?" ngati akufufuza wolakwa. Malume fodya ankalima, koma kusuta ayi.

Za majini (ma gene)

M'chaka cha 2004 ofufuza a ku Boston anazindikira chifukwa chake piritsi la gefitinib linkaphwetsa zotupa mwa odwala ochepa okha: jini ya EGFR (jini ndi kachigawo ka malangizo oyendetsa maselo a thupi) inali itasintha m'chotupa chawo, ndipo ambiri mwa iwo anali osasuta. Mu 2007 gulu la Hiroyuki Mano ku Japan linapeza vuto la jini ina, ALK, ndipo pofika 2011 piritsi la crizotinib lolimbana ndi vutoli linaloledwa ku America. Munthu wotere amameza mapiritsi kunyumba m'malo mogona padilipi. Kumuthamangitsira pa immunotherapy (mankhwala odzutsa chitetezo cha m'thupi) kenako n'kumupatsa osimertinib, piritsi la a vuto la EGFR, kungamutupitse mapapo. Mwina madokotala a bambo anu akupewa zimenezo.

Ndiye dikirani, koma osangokhala chete. Funsani mtundu wa khansayo, ngati ayeza majini a EGFR, ALK, ROS1 ndi KRAS, ndi puloteni ya PD-L1, komanso tsiku lotuluka zotsatira. Kanyama kakapanda kukwanira, funsani zoyeza DNA ya chotupa m'magazi. Bambo akayamba kubanika kapena kukhosomola magazi, musadikire tsikulo, thamangani nawo kuchipatala.