Mwana wanga akufuna uinjiniya wa m'nyumba za zisudzo

FUNSO: Ndine mayi wochokera ku Ntcheu, koma ndimakhala ku Rosettenville muno mu Johannesburg. Mwana wanga wamkazi ali mu Giredi 11, ndipo ndi iye amene amayendetsa zokuzira mawu kutchalitchi kwathu. Akuti akufuna kudzaphunzira uinjiniya ku yunivesite kuti azidzagwira ntchito ya magetsi ndi makina m'nyumba za zisudzo, koma bambo ake akuti zimenezo n'zachibwana. Kodi ntchito imeneyi ingamupatse chakudya?

YANKHO: Mayi, chonde auzeni bambo akunyumbawo kuti mtima ukhale m'malo, chifukwa mwanayo sakupempha zovina pasiteji ayi. Akupempha ntchito imene miyoyo ya anthu imadalira. Pamwamba pa ochita zisudzo pamalendewera mipiringidzo yachitsulo yosenza nyale zolemera, ndipo pamafunika munthu wowerengera kuti chingwe chilichonse chingapirire makilogalamu angati. Nyalezo zimalamulidwa ndi kompyuta kudzera mu njira yotchedwa DMX512, imene inakhazikitsidwa mu 1986, ndipo waya umodzi umanyamula malamulo 512 osiyanasiyana. Magetsi a Eskom akathima sewero lili mkati, wina ayenera kukhala atakonzeratu kuti jenereta iyendetse nyale ndi makina onse popanda kupsereza zipangizo.

Malangizo anga ndi akuti atenge digiri yonse ya uinjiniya wa zamagetsi, kapena wa zamakina ngati mtima wake uli pa zinthu zoyenda ndi zonyamula, kenako luso la pasiteji aliphunzire ndi manja. Ku yunivesite ya Wits, ku Braamfontein, digiri imeneyi ndi ya zaka 4, ndipo ngakhale za uinjiniya ndi za zisudzo zili m'nthambi zosiyana, Wits Theatre ili pasukulu pomwepo. University of Johannesburg nayonso imaphunzitsa uinjiniya. Musanalipire ndalama, onetsetsani kuti digiriyo ndi yovomerezedwa ndi bungwe la ECSA, pakuti ndilo limalembetsa mainjiniya m'dziko muno. Ndikulimbikira pa digiri yonse chifukwa ntchito za zisudzo zimabwera ndi nyengo, ndipo nthawi ya Covid-19 mu 2020 nyumba zimenezi zinatsekedwa, pamene injiniya wa zamagetsi amafunika kumigodi, m'mafakitale, ngakhale kwathu ku Malawi akadzafuna kubwerera.

Chofunika kuchiona lero lomwe ndi masamu. Uinjiniya umafuna Mathematics ndi Physical Sciences, ndipo amene akuphunzira Mathematical Literacy salandiridwa. Zotsatira za Giredi 11 ndi zimene amatumiza pofunsira malo, choncho chaka chino asachitaye. Mapepala ake okhalira m'dziko muno nawonso akhale olongosoka.

Za kutchalitchizo musazichepetse. Mtsikana amene wamvapo kulira kwa sipika pakati pa ulaliki, n'kuthamanga kukatsitsa mawu mpingo wonse ukumuyang'ana, kapena amene wazindikira yekha kuti waya wa maikolofoni ukagona pamodzi ndi wa magetsi pamamveka kung'ung'udza, wayamba kale kuganiza ngati injiniya. Tsiku lina mupite naye ku Market Theatre ku Newtown, nyumba imene inatsegulidwa mu 1976 mumsika wakale wa zipatso, ndipo mmodzi mwa oiyambitsa, a Mannie Manim, anatchuka ndi luso lokonza kuwala kwa pasiteji. Bambo ake apite nawo, ndipo sewero likatha ayang'ane kudenga aone zimene mwana wawo akufuna kudzasamalira.