Yankho kwa achimwene pa za masipuling'i a pikapu ndi kanyumba kogonamo

Achimwene, uthenga wanu ndaumva, ndipo zithunzi za kanyumba kogonamo kamene mukufuna kugula ku Johannesburg ndaziona. Mwafunsa kuti, popeza Hilux yanu ya double cab idzakhala pansi kumbuyo mukalowetsa camper imeneyi m'bodi, kodi chanzeru n'kuwonjezera masipuling'i pa galaja ya konkuno ku Zomba, kapena kuitanitsa matumba a mpweya aja amaikidwa pakati pa chasisi ndi axle, chitsulo chopingasa chimene chimagwira mawilo. Ndiyankha mwatsatanetsatane ndithu, chifukwa m'galimoto imeneyi mudzakhala inu ndi alamu, ndipo ena a m'gulu lino andikhululukire kutalika kwa uthengawu.

Pempho langa loyamba ndi lakuti musapereke ndalama kwa wina aliyense, kaya kwa mwini kanyumbako kaya kwa makaniko, musanadziwe manambala a galimoto yanu. Pamphuthu ya chitseko, kapena mkati mwa boneti, pali kachitsulo kamene anakhoma a kufakitale, ndipo pamenepo panalembedwa GVM, kumene ndi kulemera konse kumene galimotoyo imaloledwa kufika itanyamula chilichonse, pamodzi ndi malire a axle yakutsogolo ndi yakumbuyo payokhapayokha. Mukachotsa kulemera kwa galimoto yopanda kanthu pa GVM, chotsalacho ndiye katundu amene mungaisenzetse, ndipo pa ma double cab ambiri a mtundu wa Hilux, Ranger ndi D-Max chimakhala cha m'ma kilogalamu 800 mpaka 1,000, ena kupitirirako pang'ono. Chimene ambiri sachiganizira n'chakuti nambala imeneyi imawerengera zonse, kuyambira inuyo ndi alamu, bull bar munaikitsa kutsogolo ija, mpaka bokosi la masipanala limene limakhala kuseri kwa mpando.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Mwanena kuti wogulitsayo akuti kanyumbako n'kolemera makilogalamu 600, ndipo nambala yotereyi kawirikawiri imakhala ya kanyumba kopanda kanthu mkati. Thanki yake ikakhala ya malita 80, amenewo ndi makilogalamu 80, pakuti lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi. Botolo la gasi wophikira la makilogalamu 9 likadzaza limafika pafupifupi 20, batire yachiwiri ya filiji ndi magetsi ili pafupi ndi 30, ndipo zigubu ziwiri za dizilo za malita 20 chilichonse zifika cha m'ma 40. Chakudya, mapoto, zofunda, mipando ndi zovala sizingachepere 100, kenako anthu awiri tiike 150. Pamenepa tadutsa kale makilogalamu 1,000, tisanakwezepo mdzukulu ngakhale mmodzi.

Apa m'pamene pali mutu wa nkhani yonse. Masipuling'i olimba amadzutsa kumbuyo kwa galimoto kuti izioneka yowongoka, koma sasintha nambala ya pakachitsulo ija ngakhale ndi kilogalamu imodzi. Axle imakhala yomweyo, mabering'i a mawilo omwewo, mabuleki omwewo, chasisi chomwecho. Ine chimene chimandiopsa pa galimoto yokwezedwa kumbuyo n'chakuti imabisa kulemedwa kwake, chifukwa kukhala pansi kuja n'kumene kukanakuchenjezani kuti mwapyola malire. N'chifukwa chake ndikuti muyambire pa sikelo. Dzazani thanki ya mafuta, kwerani nonse awiri, mupite pa sikelo yoyezera magalimoto, kaya ya ku Balaka kaya ya kampani yogula mbewu imene ingakuloleni, ndipo muwapemphe akuyezereni katatu: mawilo akutsogolo okha, mawilo akumbuyo okha, kenako galimoto yonse. Nambala ya axle yakumbuyo ndiye yofunika kuposa zonse, chifukwa pafupifupi kulemera konse kwa kanyumbako kudzagwera pamenepo, ndipo kawirikawiri malire a axle imeneyi amakwana GVM isanakwane.

Palinso nkhani ya malo amene katunduyo akhala. Bodi ya double cab ndi yaifupi, pafupifupi mita imodzi ndi theka, ndipo mbali yaikulu ya bodiyo ili pamwamba ndi kumbuyo kwa axle, pamene ya single cab imapitirira mamita awiri ndipo malo ambiri ali kutsogolo kwa axle. Pachithunzi chachiwiri mwatumiza chija ndaona kuti kanyumbako katulukira kunja kwa bodi, ndipo khitchini ndi tayala la sipeya zili kumapeto kwenikweni. Mumawaona anyamata a njinga za makala akamakwera chitunda atamanga matumba motulukira kumbuyo kwa kaliyala, mmene tayala lakutsogolo limapepukira mpaka chiwongolero kumangogwedera. Galimoto nayo imatero. Katundu wokhala kumbuyo kwa axle amakanikiza axle imeneyo koposa kulemera kwake kwenikweni, nanyamula mawilo akutsogolo, amene ndi okhota nawo komanso ogwira buleki kwambiri. Kuwonjezera apo amapinda chasisi pamalo apakati pa kabini ndi bodi. Ku Australia ndi ku South Africa, kumene anthu ambiri amayenda maulendo ataliatali ndi tinyumba totere, kupindika kwa chasisi cha double cab pamalo amenewa ndi vuto lodziwika bwino, ndipo limachitika pa mitundu yosiyanasiyana ya magalimoto, makamaka munthu akadumpha dzenje kapena kamtsinje kouma ali pa liwiro.

Tsopano ndifike pa matumba a mpweya. Ubwino wake ulipo ndithu: mumawapopa mukanyamula, n'kuwaphwetsa mukatsitsa, ndipo ngati mbali imodzi ya kanyumba ndi yolemera kuposa inzake mumatha kuwongola. Koma taonani mmene sipuling'i ya masamba imagwirira chasisi. Imachigwira pamalo awiri otalikirana, kutsogolo kwa wilo ndi kumbuyo kwake, ndiye katundu amagawikana. Thumba la mpweya limakankha pamalo amodzi okha, pamwamba penipeni pa axle, pamene a kufakitale anangoikapo kampira koletsa axle kugunda chitsulo. Mukalipopa kwambiri kuti lidzutse katundu wolemera wolendewera kumbuyo, malo amenewo amasanduka potsamira pamene chasisi chingapindikire. Choncho ine sindingakulangizeni kuti matumba akhale ndiwo onyamula kanyumbako. Ngati muwaika, akhale othandizira chabe, okhala ndi mpweya wochepa, ndipo lililonse likhale ndi paipi yakeyake. Akalumikizidwa paipi imodzi, pokhota mpweya umathawa mbali yolemedwa kupita mbali inayo, ndipo galimoto imapendekeka kwambiri m'malo moti iwongoke.

Za kuwonjezera tsamba limodzi kapena awiri pa galaja, ndikudziwa kuti n'zotsika mtengo ndipo amisiri athu amazichita tsiku ndi tsiku pa mapikapu onyamula chimanga ndi feteleza. Tsamba lopangidwira galimoto imeneyo, lofanana m'lifupi ndi linzake, loikidwa ndi bawuti yapakati yatsopano, limathandiza pa katundu wapakatikati. Chimene ndikukana ndi kutenga tsamba la lole yakale, kulidula ndi gilayinda, n'kulikakamiza pansi pa masamba otopa kale. Tsamba lokhuthala lotero silipindika mofanana ndi anzake, ndipo pothera pake m'pamene masamba apamwamba amayambira kusweka. Choipa koposa ndi kuwotcha masamba pamoto kuti apindike ngati atsopano, chifukwa chitsulo cha sipuling'i chinaumitsidwa mwa njira yake kufakitale, ndipo chikalawa moto mphamvu ija imachoka. Pa tsiku loyamba galimoto imaoneka yadzuka bwinobwino, koma sipatenga nthawi imabwerera pansi, kapena tsamba lalikulu limathyoka muli kutali ndi mudzi.

Chimene ndingachite ine, sikelo ikavomereza, n'kugula masipuling'i athunthu atsopano a kumbuyo, opangidwira katundu wokhalitsa. Makampani monga Old Man Emu, Ironman 4x4 ndi Tough Dog amawagulitsa molingana ndi kulemera kumene kumakhala pagalimoto nthawi zonse, ena a makilogalamu cha m'ma 300, ena 500 kapena 600, ndipo popeza kanyumbako kakuchokera ku South Africa, mungathe kuwagulira komweko. Koma musanasankhe, mudzifunse ngati kanyumbako kazikhala pagalimoto chaka chonse kapena muzikatsitsa mukabwerako kuulendo. Masipuling'i a makilogalamu 600 pa galimoto yopanda kanthu ndi ouma kwambiri, moti pa msewu wafumbi wa mabampu ngati wa ku Kachulu kumbuyo kumadumphadumpha, matayala osagwira pansi bwino, ndipo msana wa alamu udzavutika. Ngati muzitsitsa kawirikawiri, sankhani apakatikati, ndiye matumba a mpweya wochepa aja amalize kotsalako.

Masipuling'i atsopano ayende ndi ma shock atsopano olingana nawo. Sipuling'i imanyamula, koma chimene chimaletsa galimoto kupitiriza kunjanja ikadutsa pa hampu ndi shock, ndipo ma shock a kufakitale akalemedwa pa msewu wa mabampu amatentha n'kufooka. Ma U-bolt, mabawuti opindika ngati U amene amamangirira sipuling'i ku axle, akhalenso atsopano, musalole kubwezerapo akale chifukwa anakokeka kale, ndipo mabushi onse asinthidwe nthawi imodzi.

Matayala ndi amene ndikufuna muwayang'ane lero lomwe. M'mbali mwa tayala, pambuyo pa saizi, pali nambala ndi chilembo, mwachitsanzo 265/65R17 112S. Nambala 112 ikutanthauza kuti tayala limodzi limanyamula makilogalamu 1,120 likapopedwa mokwanira, pamene 120 ikutanthauza 1,400. Pa katundu wotere gulani matayala olembedwa LT, amene m'mbali mwake ndi molimba, ndipo muziwapopa molingana ndi kulemera, muwayeze m'mawa asanatenthe. Tayala losakwana mpweya litalemedwa, pa phula lotentha la mu Okutobala mukulowera ku Liwonde ndi ku Mangochi, limapsa mkati mpaka kuphulika. Komabe dziwani kuti matayala olimba nawonso sakweza malire a axle.

Za mabuleki ndikhalapo pang'ono, chifukwa ife tili pansi pa phiri. Mwanena kuti ulendo woyamba mukufuna mukagone pamwamba pa Zomba Plateau. Kukwera si vuto kwenikweni, injini ya dizilo idzakoka. Vuto ndi kutsika kuchokera ku Ku Chawe kubwera m'tauni, msewu wopapatiza wa makona otsatizana, muli ndi tani yathunthu kumsana. Mukadalira phazi lokha, mabuleki amatentha, amayamba kununkha, kenako pedulo imafewa. Tsikani ndi giya yachiwiri, pena yoyamba, injini ndiyo izigwira galimoto. Mafuta a buleki musinthe musananyamuke ngati atha zaka ziwiri, chifukwa amayamwa chinyezi ndipo akatero amawira msanga. Chinanso, ma Hilux akale opanda ABS (chipangizo choletsa mawilo kukakamira pogwira buleki) ali ndi valavu kumbuyo yolumikizidwa ku axle ndi kandodo kachitsulo, imene imaonjezera mphamvu ya mabuleki akumbuyo galimoto ikakhala pansi ndi katundu. Mukaidzutsa ndi masipuling'i olimba, valavuyo imaona ngati galimoto ilibe kanthu, ndiye imachepetsa buleki yakumbuyo pa nthawi imene mukuifuna kwambiri. Ngati yanu ili nayo, makaniko ayenera kuitchera mwatsopano, ndipo mumufunse mwachindunji ngati watero.

Kanyumbako kadzakwezanso kulemera m'mwamba, ndiye galimoto izipendama pokhota, ndiponso pamene mwatsitsa mawilo awiri m'mphepete modyeka mwa phula popatsa njira thiraki pa msewu wa M3. Sway bar yakumbuyo, ndodo yachitsulo yolumikiza mbali ziwiri za galimoto, imathandiza kuchepetsa kupendamako, koma chothandiza kwambiri ndi kalongedzedwe: madzi, batire ndi zitini zikhale pansi ndiponso kutsogolo, pafupi ndi kabini, ndipo kumbuyo kwa kanyumba musapachikeko zigubu kapena njinga. Kanyumbako kamangidwe pa ngodya zinayi ku zitsulo zogwira chasisi, osati ku tingowe ta m'bodi timene timamangira lona, ndipo pansi pake muyale mphira kuti kasatsetsereke.

Ntchito ikatha, muyezetse alayimenti, muwongoletse nyali zakutsogolo kuti zisamathobwe anzanu usiku, ndipo mukayenda makilomita cha m'ma 500 mubwerere kuti akamangitsenso ma U-bolt, chifukwa masamba atsopano akakhazikika mabawuti amakhwepa. Mukakweza kanyumba ndi katundu yense, suzumirani pansi muone ngati pakati pa axle ndi kampira kaja patsala mpata wooneka, kenako mubwerere pa sikelo. A inshulansi muwadziwitse za kusinthaku polemba, ndipo a Road Traffic muwafunse musanapite kokatenga COF, chifukwa pakachitika ngozi galimoto itapyola GVM, chipukuta misozi chingathe kukanidwa.

Maganizo anga, poona zithunzi zokha, ndi akuti kanyumba aka n'kakakulu pa double cab yanu, ndipo mwina tidzafunika kuyang'ana kopepuka, ka denga lotukula mukaima, kosatulukira kunja kwa bodi. Koma tisagamule tisanaone manambala. Munditumizire chithunzi cha kachitsulo ka GVM, chithunzi cha m'mbali mwa tayala, ndi chaka cha galimotoyo. Wogulitsayo mumupemphe pepala la pa sikelo la kanyumbako, komanso akuuzeni kuti pakati pa kulemera kwake pali pa masentimita angati kuchokera kukhoma lakutsogolo, kuti tiyerekeze ndi pamene pali axle yanu. Zimenezi zikafika, Loweruka ndibwera ndi tepi tidzayeze bodi limodzi musanatumize dipoziti.