Yambani ndi dead time musanakhudze VE table

Achimwene, mwati mwaika Speeduino, ECU kapena kuti kompyuta yoyendetsa injini, ndi ma injekita a 440cc pa injini yanu ya Toyota 4A-GE, pamsewu ikukoka bwino, koma pa idle wideband, sensa yoyeza kusakanikirana kwa mpweya ndi petulo (AFR), ikungovinavina, ndipo fani ikangoyaka injini ikufuna kuzima. Ena akuti muwonjezere manambala mu VE table, tebulo limene ECU imawerengera mpweya wolowa mu injini kuti idziwe petulo wofunika. Ine ndikuti dikirani kaye. Zizindikiro zimenezi zikuloza ku dead time, kuchedwa kwa injekita kutulutsa mafuta, ndipo VE simungaikonze n'kukhazikika nambala imeneyi ikadali yolakwika.

Injekita imatsegulidwa ndi maginito. ECU ikatumiza magetsi, koyilo imayamba yasonkhanitsa mphamvu, kenako n'kukoka kasingano kamene kapanikizidwa ndi sipuling'i komanso presha ya petulo. Nthawi yonseyi mafuta sakutuluka. Potseka namonso kamachedwako, ndiye mukachotsa kuchedwa kwa potseka pa kuchedwa kwa potsegula, chotsalacho ndiye dead time. Zili ngati mjigo: mumapopa kangapo madzi asanabwere. Wodzaza diramu alibe nazo ntchito, koma wofuna kapu imodzi ndiye amaziona.

Tiyerekeze kuti pa idle pulse yanu, nthawi imene ECU imapereka magetsi ku injekita, ndi 2.0 ms (ma millisecond) ndipo dead time ndi 1.0 ms. Ndiye kuti petulo akutuluka kwa 1.0 ms yokha basi. Mukaphonya ndi 0.2 ms, mafuta asintha ndi 20 peresenti. Koma mukaponda moto pulse n'kufika 12 ms, kuphonya komweko sikukwana ngakhale 2 peresenti. N'chifukwa chake pamsewu simukumva vuto. Ndipo ma injekita akakula, pulse ya pa idle imafupika, vutolo n'kukula nalo.

Za fani zija zikubwera chonchi. Fani kapena nyali zikayaka injini ili pa idle, volteji imatsika, koyilo imachedwa kukoka, dead time n'kutalika. Ngati ECU sinauzidwe zimenezi, petulo amachepa mwadzidzidzi, injini n'kuyamba kutsamwa. Mu TunerStudio, pulogalamu yosinthira manambala a ECU, pitani pa Injector Characteristics muone open time, yomwe ndi dead time yomweyi, ndi tebulo la battery voltage correction, ndipo sankhani kuti likonze open time yokha, osati pulse yonse. 1.0 ms ija imene ambiri amaisiya momwemo ndi poyambira chabe, si nambala ya ma injekita anu.

Nambala yeniyeni muipeza kuti? Makampani ena, monga Injector Dynamics, amapereka tebulo la dead time pa volteji ndi presha zosiyanasiyana. Tengani mzere wa presha imene regulator yanu ikupereka, nthawi zambiri 3 bar, chifukwa presha ikakwera dead time imakweranso. Koma ngati ma injekita anu ndi ogula akale opanda pepala lililonse, yezani nokha, ndipo njira imeneyi ndiye ndimaikhulupirira kwambiri poti imayeza pamodzi ndi ECU yanu ndi mawaya anu.

Chotsani fuel rail, paipi yopereka petulo ku ma injekita, mangani ma injekita zolimba kuti presha isawafwamphule, aloze m'botolo. Iwombetseni injekita ka 1000, pulse iliyonse ya 4 ms, muyeze petuloyo pa sikelo ya magalamu. Bwerezani pa 8 ms. Tinene kuti koyamba mwapeza magalamu 15, kachiwiri 35. Kusiyana ndi 20 pa 4 ms, ndiye kuti magalamu 5 pa 1 ms iliyonse. Magalamu 15 aja anafunika 3 ms yokha, pomwe inu munapereka 4. Yosowayo, 1.0 ms, ndiyo dead time yanu pa volteji imeneyo. Chitaninso pa 10, 12 ndi 14 volts kuti mudzaze tebulo. Musayeze ndi ma pulse aafupi kwambiri, chifukwa kumeneko kasingano sikatseguka mokwanira ndipo masamu amasokonekera. Chonde chitirani panja, ma koyilo a moto mutazula, chozimitsira moto chili pafupi. Petulo wopopera ngati nkhungu sachedwa kugwira.

Pali njira inanso yotsimikizira injini ikulira, ngati simuli pa sequential, pomwe injekita iliyonse imawomba payokha pa nthawi ya silinda yake. Injini itenthe, zimitsani EGO correction kuti ECU isamadzikonzere yokha mafuta, lembani AFR, kenako sinthani squirts per cycle, kangati injekita iwombe pa cycle imodzi ya injini, kuchoka pa 2 kupita pa 4. Mafuta akachuluka, dead time mwaiika yaikulu. Akachepa, ndi yaing'ono. AFR ikapanda kusuntha, mwalasa. Ndi 440cc chitani izi injini ili ndi kakatundu pang'ono, poti pa idle pulse ingafupike mopitirira.

Mukasintha nambalayi, VE ya m'munsi, cha pa idle, idzafunika kuikonzanso, musadabwe. Mukatero yatsani nyali, fani ndi hita zonse pamodzi, AFR isachoke pamalo pake. Ikamasunthabe, yezani volteji pa pulagi ya injekita penipenipo muyerekeze ndi imene ECU ikuwerenga, chifukwa relay yotopa kapena earth yadzimbiri imanamiza tebulo lonse. Tumizani log yokhala ndi PW (kutalika kwa pulse), volteji ndi AFR pa nthawi imene fani ikuyaka, tiione limodzi.